Sefa ziwiri m'nyumba imodzi

Ana anga, mukadzafika kwathu kuno ku Nkope n'kusuzumira m'khitchini mwa agogo anu aakazi, mudzaona sefa ziwiri zitapachikidwa pamisomali yotalikirana. Imodzi ili ndi kansalu kofiira m'mphepete. Alendo ena amayesa kuti pakhomo pano pali mitala, ena amati nkhalamba ziwirizi zinayambana mpaka kugawana ziwiya. Ayi ndithu. Sefa ya kansalu kofiirayo ndi ya fulawa, ndipo ufa wa nsima sudutsamo ngakhale tsiku limodzi. Nzeru imeneyi sitinabadwe nayo. Tinaiphunzira mwana atagona pamphasa masiku atatu, ndipo amene anamugonekapo ndine ndemwe.

Mdzukulu wanga wamkazi, wa zaka 9, anabadwira ku Joni. Mukudziwa nokha kuti kuno ku Mangochi mudzi wopanda mwana wake ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town ngosowa. Mayi ake, mwana wanga wachisamba, anatsatira mwamuna wake kumeneko, ndipo mwanayo anakulira buledi: m'mawa buledi, kusukulu buledi, madzulo nthawi zina buledi yemweyo. Koma thupi silinkabwera. Mimba inali tuu ngati ng'oma, miyendo ngati bango, kutsegula m'mimba kosatherapo, magazi ochepa. Madokotala akumeneko atamuyeza magazi ndi kumulowetsa kapaipi ka kamera pakhosi mpaka m'matumbo, anapeza kuti ali ndi matenda otchedwa coeliac, ndipo anamuletsa tirigu moyo wake wonse. Chaka chatha makolo ake anamutumiza kuno kuti adzaphunzire ali kwawo, atamupatsira pepala la zoletsedwa. Ndinaliwerenga pepalalo nditakhala pakhonde, n'kuseka. Ndinati ife ndi anthu a nsima ndi usipa, tirigu atipezera kuti?

M'mawa wina mu Julayi, mwera ukuwomba ndipo asodzi atakokera mabwato kumtunda, ndinagula sikono ziwiri kudoko n'kubwera nazo kunyumba. Ndinakhala padzuwa, kapu ya tiyi m'manja, n'kumaviika sikono monga ndachitira kuyambira ndili mnyamata. Mwana uja anatuluka akunjenjemera ndi chisanu, ine n'kumupatsa tiyi wotsalayo.

"Agogo, simunaviikemo sikono?"

"Iwe, imwa. Sikono ndadya ndekha, uyu ndi tiyi chabe."

Anamwa, poti mwana woleredwa bwino satsutsana ndi agogo ake kawiri. Pofika madzulo anali atapindika ngati nkhwazi yonyowa, akusanza, m'mimba mukupota. Agogo ake aakazi anati ndi malungo, koma atakamuyeza kuchipatala malungo sanapezeke. Usiku umenewo mayi ake anaimba foni n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Bambo, kodi m'kamwa mwake mwalowa chiyani lero?" Ndinayamba kuwerenga: nsima, chisoso, utaka, mango ayi poti si nyengo yake. Kenako ndinakumbukira tinyenyeswa tija tinkayandama m'kapu. Ndinakhala duu. Chili kwa mnzako umati chigwire nyanga.

Tsono ndikuuzeni zimene ndinafunsa n'kuphunzira, poti safunsa anadya phula. Mu tirigu, mu balere ndi mu mbewu ina ya kumaiko ozizira yotchedwa rye muli chinthu chotchedwa gluten. Ndicho chimene chimachititsa kuti fulawa wokanda azinyulurika ngati mphira, pomwe ufa wa chimanga umangoyoyoka. Kwa ambirife ndi chakudya ngati china chilichonse. Koma kwa munthu wa coeliac, chikangofika m'matumbo, asilikali a m'thupi amachiyesa mdani ndipo pomenyana nacho amawononga khoma la matumbo a mwiniwake. M'kati mwa matumbo aang'ono mumakhala tinthu tosongoka tambirimbiri, ngati ubweya wa thaulo latsopano, ndipo ndito timayamwa chakudya kupita nacho m'magazi. Nkhondo ija ikachitika kawirikawiri, thaulolo limatha n'kusalala. Munthu amadya mpaka kukhuta koma chakudya chimangodutsa. N'chifukwa chake ana otere amapinimbira, akuluakulu amafooka ndi kuchepa magazi, ena mafupa amafewa, ena amatuluka zidzolo zoyabwa kwambiri m'zigongono ndi m'mawondo. Jakisoni wake palibe, piritsi lake palibe. Mankhwala ake ndi amodzi: kuleka gluten.

Amene anagwira mbala imeneyi anali dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto, m'dziko lake munagwa njala yoopsa ndipo buledi anasowa. Iye anaona zodabwitsa: ana odwala m'mimba aja anayamba kupeza bwino pamene anzawo ankawonda, ndipo buledi atabwereranso matenda aja anabwerera nayenso. Zimene ankaziganizira kale zinatsimikizika, ndipo mu 1950 anazilemba kuti dziko lidziwe. Ife njala timaidziwa, ya 1949 makolo athu ankaisimba, ya 2002 tinaiona ndi maso athu, koma sindinamvepo njala yochiritsa munthu kupatula imeneyi.

Ena mudzati amenewo ndi matenda a azungu. Inenso ndinatero. Akatswiri amati padziko lonse pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 aliwonse ali nawo, ndipo ambiri sadziwa. Chiwerengero chachikulu kwambiri chimene chinapezekapo sichinali cha ku Ulaya ayi, chinali cha muno mu Africa: mu 1999 ofufuza anayeza ana a mtundu wa Sahrawi okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, kumene fulawa ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 18 aliwonse anali nawo. Kwathu kuno sapezekapezeka, n'zoona. Koma taganizani za kadyedwe kathu. Ndili mwana buledi tinkamuona pa Khirisimasi, mwina ndi tsiku limene malume abwera kuchokera ku Wenela. Lero kuyambira Mangochi boma mpaka Monkey Bay palibe msika wopanda beseni la mandasi, ndipo mwana wosapatsidwa ya sikono amalira mpaka kusukulu. Tirigu amene timalima m'Malawi ndi wochepa, wa kumapiri a Neno ndi Tsangano, koma wochokera kunja amagayidwa ku Blantyre n'kufika mpaka m'kagolosale ka kumudzi. Mlendo uyu wakhazikika, wamanga ndi nyumba yomwe.

Chimene chinandivuta kumvetsa ndi kuchepa kwa mlingo wake. Ife timakhulupirira kuti kanthu kakachepa sikapweteka. Pa matenda awa maganizo amenewo ndiwo msampha. Lamulo limene maiko anagwirizana limati chakudya chizitchedwa chopanda gluten ngati mulibe oposa mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Mwana wanga wina wophunzitsa masamu anandiwerengera motere: tengani thumba la ufa wa chimanga la makilogalamu 50, muthiremo sipuni yaikulu imodzi yokha ya fulawa n'kusakaniza, basi thumba lonselo lafika pamalire. Ku Italy, m'kafukufuku amene anatuluka mu 2007, odwala ena ankapatsidwa mamiligalamu 50 a gluten patsiku kwa miyezi 3, ndipo matumbo awo anaonongeka. Mlingo umenewo ndi kafulawa kotsina ndi zala. Nsomba ikawola imodzi zawola zonse, ife a kunyanja sitifunika kutanthauziridwa. Choopsa china n'chakuti si odwala onse amene amagwa pamphasa monga anachitira mdzukulu wanga. Ena amadya kanyenyeswa osamva kanthu, pamene m'kati thaulo lija likutha. Lero kanyenyeswa, mawa kafumbi, mkuja kamsuzi: pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nditalapa za tiyi ndinkayesa nkhani yatha. Patapita milungu ingapo mwana anadwalanso, ndipo ulendo uno tinafufuza ngati apolisi. Agogo ake aakazi amakazinga mandasi Loweruka lililonse okagulitsa kudoko. Mafuta ndi okwera mtengo, ndiye akatha kukazinga amawasunga m'botolo. Lolemba lake anakazingira utaka m'mafuta omwewo, Lachitatu anakazingira zitumbuwa, zimene anaphikira mwanayo mwachikondi poti ndi za nthochi ndi ufa wa chimanga basi. Mutaliyang'ana botolo lija padzuwa, pansi pake panali matope akuda a tinyenyeswa ta mandasi. Mayi a kunyumba anakana kwamtuwagalu. "Bambo, mafuta owira chonchija n'kutsala chamoyo?" Apa mpamene ambiri timasokonezeka. Gluten si kachirombo koti kafe ndi moto monga timaphera tizilombo ta kolera powiritsa madzi. Ndi chakudya, ndipo chikakazingidwa chimangokhala chakudya chokazinga. Moto suchichotsa. Chimachoka ndi madzi, sopo ndi dzanja lotsuka.

Tinakhala pansi banja lonse, poti mutu umodzi susenza denga, n'kuyenda m'khitchini kuchokera pakhomo mpaka pamafuwa. Zimene tinapeza zinatichititsa manyazi. Sefa inali imodzi, yosefera fulawa Loweruka ndi ufa woyera masiku ena onse, ndipo m'maso mwake ndi m'mphepete mwa thabwa munali mutamatirira zoyera zosachoka. Lichero limodzimodzi. Mthiko wokandira mandasi ndi womwewo wovundulira nsima, ndipo mthiko wakale umakhala ndi ming'alu yosunga zimene wadya. Kapu yopimira fulawa inkagona m'ndowa ya ufa. Mpeni wodulira buledi unkapita m'majarini n'kubwerera pa buledi, ndiye kopo yonse ya majarini inali ndi tinyenyeswa. Sipuni ya shuga inkatakasa tiyi wa aliyense. Tikasamba m'manja tinkagwiritsa beseni limodzi, kuyambira ine mpaka mwana wamng'ono, ndipo wodwalayo ndiye ankasamba pomalizira, m'madzi a manja a anthu amene angodya kumene buledi.

Zokonza zake sizinatidyere ndalama zambiri. Tinagula sefa ina, mthiko wina, chipande china ndi lichero lina. Koma tamverani apa, poti ndi pamene pagona nkhani. Poyamba tinkafuna kumanga kansalu kofiira pa ziwiya za mwanayo, kuti iye akhale ndi zakezake. Mayi a kunyumba ndiwo anatitembenuza. Anati, "Wodwala ndi mwana kapena fulawa? Timange fulawayo." Ndiye tinatero. Fulawa ndi ziwiya zake zonse, kupatula sefa ya kansalu kofiira ija, zinapita pakona imodzi, m'ndowa yotsekera, pansi, kuti kafumbi kake kasagwere pa zakudya zina. Mandasi amakandidwa panja pansi pa mtengo wa mango, ali ndi chiwaya chawo ndi botolo lawo la mafuta. Akamaliza kukanda, agogo amasamba mpaka m'zikhadabo ndi kusintha chitenje asanakhudze mphika wa nsima. Zotsala zonse m'khitchini ndi za banja lonse, ndipo mwana amadya nafe m'mbale imodzi. Posamba m'manja timathirirana ndi jagi, ndi sopo, monga a zaumoyo akhala akutiuzira zaka zonsezi.

Ndikunenetsa za mbale imodziyi chifukwa ndinakula ndikuona mmene tinkachitira ndi odwala chifuwa chachikulu ndi akhate. Kapu yake, mbale yake, mphasa yake kuseri. Matenda a coeliac sapatsirana. Simungawatenge pogona chipinda chimodzi kapena pomwera kapu imodzi. Mbale ya chitsulo, poto ndi sipuni zikatsukidwa bwino ndi sopo zimayera, sipafunika zapadera. Ngakhale kugwira buledi ndi manja sikumudwalitsa mwanayo, bola asambe asanadye, poti vuto limayamba chinthucho chikamezedwa. Mukamusala mumuchiritsa m'mimba n'kumudwalitsa mumtima.

Ndipo kunena zoona, banja lonse kudya zofanana naye si chilango. Nsima ya mgaiwa kapena ya ufa woyera, kondowole, mpunga, mapira, mawere, mbatata, chinangwa, nthochi, maungu, nyemba, nandolo, khobwe, nsinjiro, chambo, kampango, mcheni, usipa, mazira, nyama, mkaka, zipatso zonse: mwa zimenezi mulibe gluten. Thobwa la chimanga ndi mawere ndi labwino. Futali ndi wabwino. Ku Ulaya anthu a matendawa amagula buledi wapadera pamtengo wokwera, ife Mulungu anatipatsa kale munda ndi nyanja. Nachonso chigayo chathu sichigaya tirigu kawirikawiri, komabe kufunsa mwini chigayo sikulipitsa.

Pamene pafunika maso ndi pa zogula. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zitumbuwa ndi chigumu za pamsika, amayi ena amathirako fulawa kuti zigwirane ndi kufufuma. Tchipisi cha pachiwaya ndi mbatata yokha, koma mafuta ake mwina adutsamo masamusa kapena nkhuku yopaka fulawa. Ku malo odyera alendo a m'mbali mwa nyanja muno, nsomba ina amayamba aigubuduza mu fulawa asanakazinge. Timapaketi tokometsera ndiwo, supu wa ufa, soseji, mabisiketi ndi zina zotere, werengani zolembedwa kuseri kwake, ndipo mukaona mawu akuti wheat, barley, rye kapena malt, bwezani pashelefu. Amene maso anafooka ngati ine, itanani mwana wa sukulu akuwerengereni. Kwa akuluakulu odwala matendawa, mowa wa m'mabotolo wofulula ndi chimera cha balere nawonso ndi woletsedwa.

Koma mdani wamkulu si mafuta kapena sefa. Ndi ulemu wathu womwewu. Kwathu kuno kukana chakudya cha mnzako ndi nkhani. Mwana uja atakana ndasi kwa azakhali ake ena, mawu anayenda mudzi wonse: ati ndi matama a ku Joni, ati makolo ake anamuuza kuti kumudzi amathira mankhwala m'zakudya, ati tikuwaganizira ufiti. Mayi wina wachifundo anamunyemera theka la ndasi n'kumuuza kuti, "Idya msanga agogo ako asanaone, kakang'onong'ono aka sikangakuphe." Mayiyo sanali woipa, ndipo ine sindingamuweruze, poti tiyi uja ndinapereka ndine. Koma fupa lokakamiza limaswa mphika. Ndinayenda khomo ndi khomo kufotokoza, ndipo ndinapempha nyakwawa kuti andipatse mpata pamsonkhano wa mudzi. Munthu wa shuga akakana tiyi wotsekemera timamumvetsa. Msilamu akakana nyama yosachinjidwa mwa Chisilamu timamulemekeza, ndipo kuno ku Mangochi takhala tikusiyanitsa miphika pamaukwati ndi pamaliro kuyambira kale popanda wodandaula. Luso losiyanitsa ziwiya tili nalo kale. Chatsala n'kuligwiritsa ntchito pa mwana wodwala.

Kunyumba zopemphereramo nakonso kuli tirigu. Ife a mpingo wa Anglican, umene mishoni yake ili pano pa Nkope, mkate wa pa Mgonero ndi wa tirigu, ndipo kwa abale athu Akatolika n'chimodzimodzi. Musachite manyazi, pitani kwa abambo wansembe nthawi isanakwane mukawafotokozere, poti mipingo ili ndi njira zothandizira akhristu otere, ndipo kumbukirani kuti chikho chimene mwaviikidwa mkate nachonso chakhudzidwa. Kwa abale athu Asilamu, mwezi wa Ramadhan pomasula swaumu pamphasa pamadzaza chapati, masamusa ndi mandasi pambali pa futali ndi phala la mpunga. Muikireni wodwalayo chake choyamba, chivundikiridwe, manja a anthu asanayambe kudumpha kuchoka mbale iyi kupita iyo. Pa sadaka, pa chinkhoswe ndi pamaliro, mdzukulu wanga amanyamula kabakuli kake, ndipo amene akufuna kuseka aseke. Kusukulu tinakaonana ndi aphunzitsi ake, poti pa nthawi yopuma ana amagawana chilichonse. Phala la chimanga ndi soya alibe nalo vuto, koma theka la bisiketi la mnzake wapamtima ndilo timaliopa.

Tsono chenjezo kwa inu amene mwawerenga mpaka pano n'kuyamba kuloza mwana wanu kuti nayenso ndi zomwezi. Dekhani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuno kunyanja mimba yotupa, kuwonda ndi kuchepa magazi kawirikawiri zimabwera ndi likodzo, njoka za m'mimba, malungo obwerezabwereza, kusowa zakudya m'thupi, TB kapena HIV, ndipo zimenezi zili ndi mankhwala ake. Yambirani pachipatala chathu cha Nkope. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Mangochi, ndipo kuchoka apo kuli Zomba Central ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli zipangizo zoonera m'matumbo. Muwauze achipatala ngati mwaona kuti mwana amadwala akadya za fulawa. Koma musamuletse tirigu musanamuyezetse, chifukwa munthu akaleka gluten matumbo amayamba kupola ndipo zoyeza zija sizionetsanso kanthu, mumangobwerako opanda yankho. Akapezeka nawo mmodzi, makolo ake ndi abale ake a bere limodzi ayezedwenso, poti matendawa amayenda m'magazi a banja: mwa achibale apafupi otere, pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka nawo. Ena onse amakhala bwinobwino, paja m'mimba ndi m'chipala. Za anthu a m'tauni amene akuleka buledi kuti achepetse thupi, imeneyo ndi nkhani ina, iwowo kanyenyeswa sikawagoneka pamphasa.

Papita miyezi tsopano mwana uja osadwala. Diresi la sukulu limene tinamusokera atangofika lamuthina m'mapewa, ndipo madzulo amathamangira kudoko kukathandiza agogo ake kuyanika usipa pathandala. Ine sikono sindinasiye, ndisakunamizeni, ukalamba uli ndi zizolowezi zake. Koma ndimadyera kudoko komweko, n'kusamba m'manja ndi kupukuta ndevu ndisanalowe pakhomo. Inu amene mumakhala naye pafupi, azakhali, amalume, aphunzitsi ndi amayi a pamsika, mwanayu akadzakufunsani kuti, "Muli fulawa umu?" musamuseke ndipo musamunamize. Ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa, mumupatse nthochi.